Khomo Lobiriwira Pamwamba pa Khomo Lofiira

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Kumanganso Mizinda ndi Kusamutsa Anthu,

Bwana wamkulu,

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukaona zilembo zikupendekeka musadabwe. Tebulo lomwe ndikulemberapoli nalonso ndi lopendekeka chichitikireni chivomezi chija, ndipo dzanja lina lagwira mwana. Dzina langa ndine Mirjeta, mkazi wa Besart amene ali ku Italiya kumanga nyumba za eni ake. Ndimakhala ku Limanaj, kuseri kwa msika wa nsomba, m'nyumba ija ya zitsulo zoloza kumwamba. Pepani, nyumba zonse kuno zili ndi zitsulo zoloza kumwamba. Yathu ndi yomwe pachitsulo china pamangidwa chidole cha chimbalangondo cha diso limodzi, chotiteteza ku maso a anthu ansanje.

Ndikulemba mothamanga chifukwa katapila wanu wogumula nyumba akubwera Lolemba. Koma sindingayambe kupempha ndisanathokoze, kwathu anandilera.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maganizo anu awiri. Nduna zina zimakhala ndi maganizo amodzi basi, ife tachita mwayi. Tsiku lija munabwera madzi a m'nyanja atangochoka m'misewu, mutavala jombo zatsopano, munaima padoko n'kunena kuti Limanaj sadzafa, mudzammanganso pompano ndi khoma lalitali lotchinga mafunde. Tinaomba m'manja. Sabata yomweyo pa kanema munati mzinda uno unamangidwa padambo, nthaka imagwedezeka, nyanja imalowa mpaka m'khitchini, ndiye tonse tisamukire kuphiri. Tinaombanso m'manja, poti ndife anthu aulemu. Kuyambira pamenepo apongozi anga, mayi Sanije, amalongedza katundu m'mawa n'kumasula madzulo. Akuti miyendo yawo inasiya kutupa chifukwa cha ntchito imeneyi. Mulungu akudalitseni.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha penti. Nyumba yathu sinakongolepo chonchi.

Inu mukudziwa mmene timamangira. Malemu apongozi aamuna anamanga pansi kuti pakhale mwana wawo woyamba, alamu anga a Ylber. Wachiwiri, a Petrit, atakwatira anasanjika ina pamwamba pake. Besart atanditenga ine anasanjikanso yachitatu. Aliyense ali ndi masitepe ake panja ndi khomo lake, kuti ife akazi tisamakanganirane miphika. Zitsulo zatsala padengazo zikudikira mwana wamwamuna amene sindinabereke n'komwe.

Mainjiniya anu, anthu ophunzira, anawerenga makomo. Makomo atatu, nyumba zitatu. Pakhomo la a Ylber anapaka penti wofiira, kutanthauza kuti igumulidwe, eni ake asamuke. Sindikuwatsutsa, nyanja inafika m'mawindo ndipo zipilala zikuonetsa zitsulo zadzimbiri, poti simenti yake anaisakaniza ndi mchenga wamchere ngati wina aliyense kuno. Pakhomo la a Petrit anapaka wachikasu, kutanthauza kuti ikonzedwe, ndipo alandira kale matumba a simenti. Pakhomo lathu, pamwamba penipeni, anapaka wobiriwira. Akuti yathu ili bwinobwino, tizikhala mosatekeseka.

Ndiye m'nyumba imodzi mwakwaniritsa malonjezo anu onse. Apansi asamuka, apakati amanganso, apamwamba tikhala chete. Ndani anganene kuti ndinu munthu wabodza?

Chachitatu, mundithokozere makolo a injiniya amene anakwera kwathu. Mwana woleredwa bwino ameneyo. Apongozi atamva kuti mlendo wa boma ali pamasitepe anathamanga kukatenga kalapeti wa ukwati wanga n'kumupachika pakhoma pomwe pali mng'alu, chifukwa mlendo sayenera kuona manyazi a m'nyumba. Injiniyayo anavula nsapato pakhomo, anamwa khofi, anadya byrek ziwiri, zitumbuwa zathu zakuno zija, anamuyamikira kalapetiyo kuti zoterezi sakulukanso masiku ano. Sanasuzumire kuseri kwake, anadziwa kuti n'kupanda ulemu. Ine ndinafuna kulankhula koma apongozi anandiponda phazi. Mng'aluwo panthawiyo unkalowa chala. Lero ukulowa mkono wanga mpaka m'chigongono, moti nyanja ndimaiona osatsegula windo. Kabedi ka mwana wanga Jonila kali ndi timatayala. Ndikakasiya pakati pa chipinda kamayenda kokha mpaka kukagunda khoma la kunyanja. Jonila amaseka. Sanayambe kuyenda, koma boma lamupatsa kale galimoto.

Chachinayi, za ku ofesi. Ndinapitako nditamva za katapila. Ku ofesi yosamutsa anthu anati a makomo obiriwira sapatsidwa malo kuphiri. Ku ofesi yokonza nyumba anati yobiriwira sifuna kukonza. Nditafunsa kuti nanga akachotsa yapansiyo ife tidzatsamira pa chiyani, bambo wa pawindo anandilangiza mwachikondi kuti ndisamalowerere nkhani za nyumba ya aneba. Anawonjezera kuti woyendetsa katapilayo ndi katswiri, amagumula zofiira zokhazokha. Ine masamu anandikanika, Bwana, koma ndikachotsa mbale yapansi pa mulu wa mbale, zapamwambazo sizidikira. Mwina za boma zimadikira.

A Petrit akuti iwo ayamba kupaka simenti yawo Lachiwiri, katapila akamaliza.

Chachisanu, Limanaj Watsopano ndamuona ndi maso anga. Tinakwera kabasi ndi a Ylber kukaona kumene mukuwatumiza. Abale, kukongola. Pali chikwangwani chachikulu kuposa nyumba yathu, pali nkhope yanu, pali ana akunyambita aisikirimu pansi pa mitengo. Kuseri kwa chikwangwanicho kuli minga, kasupe wasimenti wopanda madzi, ndi mbuzi. Misewu kulibe koma mayina ake alipo kale, atakhomedwa pamitengo. Ndikuvomereza kuti ndi mzinda wotetezeka kuposa yonse, chifukwa sikunagwepo nyumba ngakhale imodzi. A Ylber, amene moyo wawo wonse ndi msodzi, anayang'ana uku ndi uku kufuna pomangirira bwato lawo. Anasankha mwendo wa chikwangwani, wa kumanzere, pansi pa tayi yanu.

Tsono Bwana, ndileke kuthokoza pang'ono.

Ndili ndi mantha. Lole ikadutsa mumsewu makapu amalira m'kabati, ine ndimapezeka ndili pamasitepe, mwana m'manja, osavala nsapato. Nyanja ikayamba kukalipa ndimamva nyumba ikutafuna mano pansi pa mapazi anga. Besart akaimba foni ndimamuuza kuti zonse zili bwino, poti akabwerera ntchito imuthera, ndipo akamva kuti khomo lathu ndi lobiriwira amagona mtima uli m'malo. Iye amakhulupirira penti wanu. Ine ndimagona pamwamba pake.

Zoti mzinda uno umangidwenso kapena usiyidwe, ine sindikudziwa. Manda a bambo anga ali kuno. Thukuta lonse la mwamuna wanga lili m'makoma awa. Apongozi akuti adzachoka kuno ali m'bokosi, ndipo ndikuopa kuti boma liwamvera. Koma mukati tipite, ndinyamula Jonila lero lomwe, ndikagona ndi mbuzi zija osadandaula. Mukati tikhale, tikhala, bola pansi pathu pakhale chinachake. Ndikungopempha mawu amodzi a nyumba yonse, kuchokera pamaziko mpaka pachidole. Chidolecho, kunena zoona, chayesetsa. Chili ndi diso limodzi koma chimayang'ana mbali imodzi chaka chonse, sichisinthasintha.

Ndagwira mwendo wanu, nditumizireni kachitini ka penti wofiira. Musavutike ndi injiniya, angadzafunenso khofi. Burashi ndili nayo, ndipaka ndekha khomo langa, kuti nafenso tiwerengedwe m'gulu la anthu amwayi omwe nyumba zawo zikudziwika kuti zikugwa.

Ngati penti anatha, ndiye pempho langa ndi laling'ono kuposa pamenepo. Bwerani Lolemba. Musanyamule kanthu, mlendo sanyamula. Mudzakwere masitepe athu, mudzakhale pampando wa malemu apongozi, pamalo otetezeka omwe boma lanu linawatsimikizira ndi penti wobiriwira. Mayi Sanije amuchapa kale kalapeti uja, byrek idzakhala yotentha, khofi adzakhala pa tebulo, mungomugwirira kuti asatsetsereke. Mukadzakhazikika, mudzasuzumire pakhonde n'kumukodola woyendetsa katapila kuti ayambe kuchotsa nyumba ya aneba.

Ine ndi Jonila tidzaima kutsidya kwa msewu kuti tisakupanikizeni. Tidzaomba m'manja monga mwa nthawi zonse.

Ndine wanu wogonjera, wa khomo lobiriwira, pamene likadali m'mwamba,

Mirjeta, amake Jonila