Mapazi Asanu Pakati pa Ine ndi Apongozi

Ndiyambe ndi kuvomera kuti Lamulungu lija ndinapha apongozi anga, ngakhale kuti Lolemba lake anandiimbira foni ali bwinobwino.

Chiyambi chake n'chakuti mwana wanga Yohane, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandiikira mufoni masewera a pa intaneti. M'masewerawo aliyense amaumba kamunthu kake, ndipo anthu okhala motalikirana amapangana kukamenya chilombo pamodzi, uku akuyankhulana pa foni yomweyo. Mukapambana amakupatsani mapointi oti mugawe: ena ku mphamvu ya nkhondo, ena ku mphamvu yochiritsa.

Ha, ndinakondwa ngati mwana wa Sitandade 1! Ine ndinabaya jekeseni zaka zambirimbiri pa chipatala cha mishoni, koma mumtima ndinkasirira asilikali. Tsono mapointi anga ndinawagawa pakati ndi pakati: dzanja lamanja mkondo, lamanzere mankhwala.

"Bambo, sankhani chimodzi," anatero Yohane. "Mukagawa chotero mankhwala anu safika patali. Muziima pafupi ndi wovulalayo, mapazi awiri basi."

"Iwe, ndinayamba kuchiritsa anthu usanamere mano," ndinamuyankha. (Za mapazi awirizo sindinazisunge.)

Gulu lathu linali la atatu: ine, Yohane woponya mivi, ndi mkazi wake aNachisale, onyamula chishango kutsogolo, olandira nkhonya zonse za chilombo. Masabata atatu tinasakasaka chinjoka cha mitu iwiri, ndipo Yohane ananenetsa kuti tikagonja chifukwa cha ine, mkondo ndiusiya, ndikhale wonyamula mankhwala chabe. Mkondo wangawo ndinkaukonda, abale.

Tsikulo nditachokera ku Misa ndinakwera pachulu cha kuseri kwa chigafa, pakuti kwathu kuno kwa Dzoole netiweki imasankha pokhala. Chinjoka chinatulukira. Ndinachibaya kawiri, n'kukuwa mpaka nkhuku zinabalalika! Kenaka kamzere kofiira kosonyeza moyo wa aNachisale kanayamba kufupika.

"Apongozi, mankhwala!" anafuula.

Ndinathamangitsa kamunthu kanga. Koma nditatsala mapazi asanu, chala chinangoima chokha. Inu owerenga, ine ndinaleredwa kuti mpongozi sumuyandikira. Ukakumana naye panjira umapatukira kutchire, moni mupatsane nkhope zili kumbali. Chikwatiwire pakhomo pano, aNachisale sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi. Lero ndikagundane nawo mapewa, mwamuna wawo akuona?

Mankhwala ndinawaponya ndili pomwepo. Anagwera pansi n'kuchiritsa udzu.

"Senderani kuno, apongozi!"

"Pepani apongozi, ndili bwino pompano."

"Bambo, ameneyo si iwo, ndi katuni!" anakalipa Yohane.

"Katuni wakoyo ali ndi dzina lawo pamutu!"

Pofuna kupulumuka, aNachisale anayamba kubwerera cham'mbuyo kudza kwa ine. Ine, mwaulemu wonse, ndinawapatukira. Iwo kusendera, ine kupatuka. Iwo kusendera, ine kupatuka. Tinazungulira bwalo lonse chotero, chinjoka chikuwatafuna pang'onopang'ono, mpaka kamzere kaja kanazima. Kamunthu kanga kanapatuka komaliza n'kugwera kuphompho, thumba la mankhwala lili lodzaza. (Sindinadziwe kuti nanenso ndinali kubwerera m'mbuyo ndi miyendo yeniyeni. Ndinatsika chulu chija ndi msana, n'kukaima m'maungu.)

Lolemba aNachisale anaimba, mawu akunjenjemera ndi phwete.

"Apongozi, ulemu wanu ndaulandira. Wandipha, koma ndaulandira."

Yohane anandilanda mkondo monga mwa pangano, ndipo ndinaulira masiku awiri. Mapointi onse tsopano ali ku mankhwala, ndipo Yohane akuuza anzake kuti bambo aphunzira kumvera. Sindinamuuze chimene chanditonthoza: mankhwala osagawawo amafika mapazi khumi. Lamulungu lapitali ndinachiritsa apongozi katatu, ndili kuseri kwa mtengo.