Wotchi ya Atsibweni pa Ng'anjo ya Tiyi

Mkazi wanga Esinati salola kuti nditseke botolo m'nyumba mwathu, chifukwa ndikatseka ine palibe amatsegulanso. Matenda amenewa anayamba ndi wotchi, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Wotchiyo inali ya atsibweni anga, anabwera nayo kuchokera ku Joni. Iwowa ndiwo anayenera kukandilankhulira kwa makolo a Esinati, amene nthawi imeneyo tinkathyola limodzi tiyi ku esiteti. Ndinaibwereka kuti mtsikanayo aone kuti kwathu si kwa anthu wamba.

"Mphwanga, tamvera," anatero atsibweni. "Kamutu kali pambalika uyambe wakamasula ngati nati wa njinga. Kenako uzipukusa pang'onopang'ono mpaka kalimbe, ndiye kuti wotchi yakhuta. Ukatha ukakanikize, ukamangenso. Ukasiya chomasula, madzi alowa."

"Ndamva, atsibweni." (Sindinamve. Maso anali pa mivi.)

M'mawa mwake kumasula ndinamasula, kupukusa ndinapukusa, koma kumanga kuja ndinaiwala. Kunja kunali kamvula ka chiperoni. Ine malaya ndapinda mpaka m'chigongono, masamba onyowa ndikuthyola ndi dzanja la wotchi lokhalokha. Esinati anayandikira ndi dengu lake.

"Achimwene, nthawi ili bwanji?"

Ndinatukula mkono monyada. M'galasi munali nkhungu yokhayokha, mivi osaoneka.

Wanzeru akanapita kukapepesa. Ine ndinathamangira ku fakitale, poganiza kuti ngati tiyi wonyowa amauma kumeneko, kawotchi kangakanike bwanji? Ndinaiika pa chitsulo cha ng'anjo. Nkhungu inachokadi (pamenepo pokha ndinakhoza), koma galasi linakwinyika ngati tsamba la fodya, mivi n'kuimiratu.

Nditaibweza, atsibweni anaitembenuza uku ndi uku. Ndinachita mantha, ndinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo. Koma tsiku litakwana anavala jekete, wotchi yakufayo ili pamkono, n'kunditsogolera.

Zokambirana zitatalika, nkhoswe ya kuchikazi inafunsa, "Kodi nthawi yafika pati, akuluakulu?"

Atsibweni anatambasula mkono kuti aliyense aone bwino. "Funsani mkamwini wanuyu, ndiye anaikazinga. Mnyamatayu ndi wolimbikira ndithu. Koma mwana wanu akanyowa ndi mvula, chonde asapite naye ku fakitale."

Anthu anaseka mpaka misozi, ine nkhope ili pansi, ndipo akuchikazi anandipatsa mkazi. Kuyambira pamenepo chilichonse chopukusa ndimachimanga mpaka chilire. Dzulo lomweli ndathyola chotsekera cha botolo la palafini.