A Tamverani ndi Mashoko a Kumbuyo

Faifi koloko m'mawa inawapeza mayi a kwa Tamverani atapukuta kale mazira, atasanja mathireyi khumi ndi awiri m'bokosi la pakaliyala, ndipo atagwada pasimenti kumbuyo kwa njinga yamoto, kamtengo m'manja, pensulo ataipana ndi mano. Pampando wa njingayo panakhala amuna awo, atapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi.

"Yafika pamzere?" anafunsa bambowo osatembenuka.

"Yafika," anatero mayiwo. Koma sinafike.

Amene munawadziwa malemuwa mukudziwa kale za mzerewo. Obwera kumene mumsewu muno adziwe kuti sipanakhalepo munthu woopa mashoko a njinga ngati a Tamverani. Galu wolusa ankamudutsa akuimba mluzu. Mphezi ankaionerera ali pakhonde, kapu ya tiyi m'manja. Koma zitsulo ziwiri za masipuling'i zija, zimene zimameza mabampu ku tayala lakumbuyo, zikangoti kwe, munthu wamkulu ankaponda buleki nthawi yomweyo. Ankaima pakati pa msewu, n'kuzimitsa injini, n'kugwira mkono wa aliyense wodutsa kuti, "Tamverani kaye." Munthu ankatchera khutu, osamva kanthu, n'kupita akuseka. Dzina linachokera pamenepo, ndipo lenileni lija ngakhale apongozi awo analiiwala.

Mantha awowo anali ndi mutu wake. Ntchito yawo inali yogawa mazira m'magolosale, ndipo dzira silidziwa kukhululuka. Mashoko akauma kwambiri njinga imadumpha, mazira n'kusweka. Akafewa kwambiri imagunda pansi, mazira n'kuswekanso. Pansi pa sipuling'i iliyonse pali mphete ya mano asanu, loyamba lofewa, lachisanu lolimba, ndipo sipanala yopotozera mpheteyo, yokhota ngati mbedza, ankaisunga m'thumba la malaya, chapamtima penipeni. Kuti adziwe dzino loyenera anapeka njira yawoyawo. Iwo ankakhala pampando katundu ali kumbuyo, akazi awo n'kuimika kamtengo pansi n'kuona pamene kaliyala watsikira. Pakamtengopo panali mzere umodzi wodera, wolembedwa ndi kulembedwanso kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mumsewu monse anthu ankayamikira kuti a Tamverani sanaswepo dzira ndi limodzi lomwe. Za mawondo ogwada pasimenti yozizira palibe anatchulapo.

Tsono m'mawa umenewu njinga inaima chala chathunthu pamwamba pa mzere. Mazira anali omwewo, bokosi lomwelo. Chimene chinapepuka ndi munthu wokhala pampandoyo. Mayiwo ankadziwa, poti ndiwo anabweza thalauza la amuna awo m'chiuno kawiri konse, ndiwo anaboola lamba ndi msomali wamoto, ndiwonso ankachotsa mbale patebulo chakudya chitangokandidwa m'mbali. Bambowo ankafunika kuchipatala. Koma mawu amenewo m'nyumba muja sankatchulidwa, chifukwa a Tamverani ankanena poyera kuti dokotala ndi makaniko wa anthu, ndipo makaniko aliyense akamasula chinthu amatsala ndi mabawuti awiri m'manja.

Anthu akunja sankaona zonsezi. Iwo ankangoona zoseketsa, ndipo zinalipo zambiri.

Tsiku lina mng'ono wa mayiwo anapempha kuti amuperekeze kusiteji ya mabasi. A Tamverani anamuzungulira kawiri, manja kumbuyo, ngati ogula mbuzi. Kenaka anatulutsa sipanala ija n'kupotoza mphete.

"Alamu, mwaika dzino lachingati?"

"Lachinayi."

"Chaka chatha munandikweza pa lachitatu."

"Chaka chatha chinali chaka chatha, alamu."

Mng'onoyo anasenza chikwama chake n'kuyenda wapansi, ndipo sanapondenso pakhomopo mpaka mvula inagwa. Wokapepesa anali mayi, atanyamula thireyi ya mazira pamutu.

Ulendo wina kunabuka kakulira kakang'ono, kwi-kwi, kwi-kwi, komveka pokhapokha njinga ikamayenda. A Tamverani anaikankha wapansi kuchokera kumsika mpaka kwa makaniko wa pakona, thukuta lili kamukamu, akuchenjeza anthu kuti atalikire chifukwa sipuling'i ikaduka imauluka ngati mpaliro. Makanikoyo anali atafika kale poti akawaona akubwera, ankalowa pansi pa galimoto iliyonse imene ili pafupi, ngakhale yabwinobwino. Tsikulo a Tamverani anamukoka mwendo. Makanikoyo anamasula mashoko onse awiri, anatsuka, anapaka girisi, anasintha timalabala ta m'mabowo olowa mabawuti, koma kwi-kwi sanasiye. Masiku anayi bambowo anadya moimirira. Lachisanu lake mayi akupolisha nsapato zatsopano za amuna awo anapinda yakumanzere, ndipo inati kwi. Anaipaka mafuta ophikira mwakachetechete. M'mawa mwake a Tamverani analengeza mumsewu kuti girisi wa makaniko uja wayamba kugwira ntchito.

Koma kugogoda kwa chaka chomalizacho kunali kwenikweni. Njinga ikatsika pabampu, kumbuyo kunkamveka gu, ngati munthu wagogoda pachitseko kamodzi n'kuthawa. Wamisala anaona nkhondo: nthawi ino ngakhale odutsa ankamva. Makaniko anafotokoza kuti mashoko akutambasuka mpaka kumapeto chifukwa palibe chowapanikiza chokwanira, ndipo analangiza kuti abwezere mphete kumbuyo dzino limodzi. A Tamverani anakana. Anati dzino lachitatu ndi lawo kuyambira tsiku limene anagula njingayo, mzere wa pakamtengo ukuchitira umboni, ndipo akazi awo sananamepo chibadwire.

Sabata yomweyo mazira asanu ndi awiri anasweka. Bambowo anafika kunyumba n'kukhala pakhonde chisoti chili kumutu. Anasintha mashoko n'kuika atsopano. Gu. Anamanga mabawuti onse mpaka sipanala inawatupitsa chikhatho. Gu. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono moti agogo ogulitsa nthochi ankawapitirira wapansi n'kuwapatsa moni kawiri, popita ndi pobwera. Bambowo ankati chakudya chikuwakanika chifukwa cha nkhawa ya kugogodako. Mayiwo, akukolopa mazira oterera m'bokosi, ankadziwa kuti nkhaniyo njotembenuza, kusadyako ndiko kwabweretsa kugogoda, koma ankaopa kuwauza.

Ndiye anachita chimene munthu wamantha amachita. Pansi pa bokosi la mazira pankayalidwa masaka opinda kuti mathireyi asamagunde matabwa, ndipo oyala, okutumula ndi ochapa masakawo anali iwo okha. Bambowo chigulireni bokosilo anali asanawanyamulepo. Mayiwo anatenga njerwa imodzi pamulu wa kalipentala woyandikana nawo nyumba, n'kuigoneka pansi pa masaka. M'mawa mwake njinga inatsikira pafupi ndi mzere, ndipo tsikulo gu sanamveke. A Tamverani anabwera akuimba, n'kuuza aliyense kuti mashoko atsopano amafuna kaye kuzolowera mwini wake.

Patatha masabata awiri panafunika njerwa yachiwiri. Kenaka yachitatu.

Kalipentalayo anali munthu wophweka, woti kale ankayendetsa njinga yamoto popereka makalata asanayambe za matabwa. Anawapeza mayiwo kuseri kwa mpanda, njerwa yachinayi ataikulunga m'nsalu ngati khanda.

"Mayi, njerwa zanga zamera miyendo. Kapena mukumanga nyumba ya m'thumba?"

Mayiwo anayesa kuseka, koma m'malo mwa kuseka misozi ndi imene inatsogola. Anafotokoza zonse: mzere, lamba, thalauza, mbale. Kalipentala anamvetsera akusisita utuchi pamkono. Ananena kuti njerwa atenge ngakhale mulu wonse, koma njerwa sinachizepo munthu, ndipo ngati mayiwo akuopa, iye akhoza kukalankhula ndi mnzakeyo. Mayiwo anamupempha kuti adikire kaye mpaka Lolemba. Lolemba litafika anapempha kuti adikire Lolemba linalo. Tulo tawo tinali ta nkhuku. Ankadzuka kuti amve ngati amuna awo akupuma, n'kugonanso atagwira m'mphepete mwa bulangeti lawo.

Chimene sanachiganizire ndi khutu la a Tamverani. Njerwa imodzi imakhala chete. Zinayi zimakhulana. Masana ena mayi akuyanika zovala anamva njinga ikulowa pageti itazimitsidwa, ikukankhidwa. Bambowo nkhope inali itatuwa. Anati kwabuka phokoso latsopano, khwe-khwe, ndipo silikuchokera m'mashoko koma pamwamba pake, chinthu chosatheka. Anaika khutu pakaliyala, n'kugwedeza njinga. Anaika khutu pabokosi, n'kugwedezanso. Mayiwo anaima ndi malaya onyowa m'manja, madzi akudonthera kumapazi. Anaona amuna awo akutulutsa mathireyi opanda kanthu imodziimodzi, kenaka n'kugwira nsonga ya saka.

Bambowo anatulutsa njerwa zonse n'kuzindandalika pasimenti. Anatola imodzi n'kuiyeza m'manja, monga ankayezera munthu aliyense ndi maso. Sanafunse kuti waika ndani. Munthu wodziwa kulemera kwa alamu ake pongowazungulira sakanalephera masamu amenewa.

"Zinayi," anatero.

"Zinayi, bambo. Yachisanu ndimati ndiike mawa."

A Tamverani anakhala pansi, pasimenti pomwepo, malo amene mayi ankagwada. Anayang'ana dzanja lawo, wotchi itaterereka mpaka pakati pa mkono. Kenaka anafunsa ngati dokotala amamuuza munthu zonse nthawi imodzi kapena amagawa pang'onopang'ono. Mayiwo anati sakudziwa. Anafunsanso ngati amalola mkazi wa munthu kulowa nawo m'chipindamo. Mayiwo anati akakana adzalowera pawindo. Bambowo anagwedeza mutu n'kunena kuti simentiyi njozizira kwambiri, bwanji sananene.

Kuchipatala anakhalako masabata atatu. Anabwerako, anakhala pakhonde miyezi isanu akuweruza njinga za eni ake zodutsa mumsewu, iyi mashoko atha, iyo yanyamula mopyola, kenaka anatisiya dzuwa likuswa mtengo, tsiku lopanda mphepo. Mayiwo sanamufunsepo dokotala ngati masabata a njerwa aja akanasintha kanthu. Funsolo amayenda nalo.

Masiku ano njinga zimadutsa mumsewu muno zikulira ngati zitini zomangidwa kumchira wa galu, ndipo palibe woimitsa mnzake. Mazira amabwera pa galimoto, ena osweka, eni magolosale n'kungogwedeza mapewa. Makaniko wa pakona amakhala pabenchi poyera, poti woti azimuthawa palibe, ndipo amati ntchito yayamba kutopetsa. Mng'ono wa mayi uja amabwera pafupipafupi tsopano. Akafika pageti amaima pang'ono, ngati akudikira wina woti amuzungulire. Mayiwo amadzukabe faifi koloko, n'kukhala m'mphepete mwa bedi manja ali pamawondo, mpaka kunja kutayera.

Kalipentala ndiye amakonda kusimba za m'mawa umene anapita kuchipatala. Akuti anamva kugogoda pachitseko cha shedi yake, ndipo atatsegula anapeza a Tamverani atavala jekete la kutchalitchi limene linkawalendewera m'mapewa, makiyi a njinga m'manja, akazi awo ataima kumbuyo ndi kachikwama ka zovala. Bokosi la mazira anali atalitsitsa. Bambowo anayamba ndi kubweza njerwa, kenaka anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali.

"Aneba, manjawa lero akunjenjemera. Mundiyendetsere ndinu, ine ndikhale kumbuyo. Mayiwa atitsatire pa basi, asatipeze titalowa kale. Pamabampu muzipita bwino. Ndipo mukamva china chikulira kumbuyoko musaime, ndine."