A Ndibwerekeni ndi Nambala ya Ambulasi

Mu msewu wathu munali munthu mmodzi amene ukamuona akubwera unkayamba wabisa foni, moni pambuyo. Sanali wakuba ayi. Anali a Ndibwerekeni, katswiri wopanga masamba a pa intaneti mu ofesi yathu ya pamwamba pa shopu ya matayala. Ine ndinakhala nawo desiki yoyandikana zaka zambiri, koma dzina lawo lenileni ndinkalikumbukira pokhapokha akamasaina.

Foni akaitenga sankaimbira munthu. Ankatsegula tsamba limene apanga, kuyang'ana ngati likukwana pa sikirini, kuigoneka chopingasa, kuiimikanso, kenako n'kuusa moyo.

"Mayi, mutu wa nkhani wadukatu apa."

"Ndiye ndalakwa chiyani ine?"

"Inu palibe. Wolakwa ndine."

Ankati tsamba lili ngati malaya: ukasokera munthu mmodzi wonenepa, owonda onse ayenda akukwekwesa pansi. Choncho ankayesa pa chilichonse chowala. Tsiku lina anadzuka pa mpando wa ometa, mutu utametedwa mbali imodzi, chifukwa anaona munthu akudutsa panja ndi tabuleti ya mtundu wachilendo. Anamuthamangira mpaka pa siteji ya basi, nsalu ili m'khosi. Wapolisi wina atawaimitsa chifukwa njinga yawo inalibe mabuleki, zinatha wapolisiyo atagwira njinga, iwo atagwira foni yake, akumufunsa ngati zilembo akuziona bwino padzuwa.

Koma chimene ndimawanyadira nacho mpaka lero ndi nkhani ya chipatala. Ofesi yathu inapatsidwa ntchito yopanga tsamba la chipatala cha m'dera lathu. Bwana wathu anali ndi sikirini yaikulu ngati chitseko, ndipo pamenepo tsambalo linkaoneka lokoma zedi: chithunzi cha anamwino akumwetulira, mitundu yoziziritsa mtima, nambala ya ambulasi pakona yakumanja.

"Latha ili. Tulutsani mawa," anatero bwana.

A Ndibwerekeni anapisa m'thumba n'kutulutsa kafoni ka akazi awo, kong'aluka pakona. Pamenepo anamwino ankamwetulirabe, koma nambala ya ambulasi inali itadyedwa kumapeto.

"Ndani masiku ano ali ndi foni ngati bokosi la machesi?" anafunsa bwana.

"Akazi anga, bwana."

"Agulireni ina."

"Nanga aneba awo? Ndigulire msewu wonse?"

Bwana anati anthu angathe kusuntha tsambalo ndi chala. A Ndibwerekeni anayankha kuti munthu amene mwana wake akukomoka sasuntha tsamba, amasuntha mwanayo. Bwana atatuluka kukayankha foni, iwo anatenga katoni ya mapepala, kuboola kabowo kakang'ono, n'kuimata pa sikirini yaikulu ija. Bwana pobwera anapeza dziko lake lonse latsala kawindo.

"N'chiyani ichi?"

"Ndimo mmene anthu anu amaonera, bwana. Imbani ambulasi tione."

Ife tinaweramira pansi, kuseka kukutitsamwa. Bwana sanaseke. Anawauza kuti atenge chikwama chawo, ntchito yatha. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa kunyumba kwawo kunali ana a sukulu, ndipo pa msinkhu wawo ntchito ina sikanapezeka msanga. Powaperekeza pa masitepe ndinawanyengerera kuti akapepese.

"Achimwene, ndipepese kwa ndani? Kwa nambala?"

M'mawa mwake tinawapeza ali pa desiki yawo, akugogoda kiyibodi ngati palibe chachitika.

"Ndinakuchotsani ntchito dzulo," anatero bwana ali pakhomo.

"Ndinamva, bwana. Nambala ikangokwana ndinyamuka."

Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi. Bwana ankawachotsa ntchito m'mawa uliwonse ngati moni, iwo n'kuvomera mwaulemu osacheuka. Anachotsa chithunzi cha anamwino pa masikirini aang'ono, nambala n'kuiika pamwamba penipeni, yaikulu, yoti ukangoigunda foni iyimbe yokha. Kenako anatsika mu msewu. Ogulitsa matayala, otchaja mabatire, mayi wa saluni, onse anawapatsa mafoni awo, ena mokondwa, ena atatopa kubisala. Atakhutira anabwera, kutseka laputopu, kunyamula chikwama n'kutsanzika aliyense ndi dzanja.

Ali pa chitseko, bwana anakweza mawu osawayang'ana: "Mukupita kuti? Tsamba la sukulu lija alipanga ndani?" Nkhani yochotsedwa ntchito inathera pomwepo.

Chaka chatha, m'mawa wina akusamba kumaso kuti abwere kuntchito, a Ndibwerekeni anagwa pakhonde. Ambulasi inafika msanga, ndipo anakhala m'chipatala masiku angapo akulankhula bwinobwino. Titapita kukawazonda tinapeza anamwino a mu wodi yonse ataika mafoni m'matumba akumbuyo. Iwo anali gone, mapaipi m'manja, akudandaula kuti makina oyeza mtima ali ndi zilembo zazing'ono mopanda ulemu. Tinaseka mpaka tinathamangitsidwa. Sitinadziwe kuti kunali kutsanzikana.

Patapita milungu, akazi awo anabwera ku ofesi kudzatenga kapu ndi juzi yawo. Bwana anawapatsa mpando wake, n'kuima ngati mwana wasukulu.

"Alamu," anatero mayiwo akuyang'ana ine, "tsiku lija maso anali odzaza misozi, sindinkaona kanthu. Koma nambala ija pa kafoni kanga ndinaiona. Masiku amene tinacheza m'chipatala aja, ana n'kufika onse kudzawaona, anatisiyira okha ndi kukakamira kwawo kuja."

Bwana analowa mu ofesi mwake n'kutseka chitseko, ndipo sitinamuonenso mpaka madzulo.

Masiku ano ntchito imatha msanga, palibe wotichedwetsa, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka. Tsamba likatha timayang'anana, aliyense kudikira kuti wina anene kuti silinathe. Kenako mmodzi wa ife amakankha mpando, mwamanyazi, n'kutsika masitepe kulowera mu msewu.