Magalasi a Bambo Zuze

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa a Zuze ndimayang'ana kumbali. Mlandu wake ndi wanga ndekha, ndiye bola ndingoulula.

Papulazi pathu pano, kufupi ndi Centenary, ndine ndimaphunzitsa achinyamata a kutchalitchi kulemba masewero (musandifunse kumene ndinaphunzira, ndinangosewerapo Pilato kawiri basi). Nyimbo yanga inali imodzi: "Lembani kaye zimene mukuziona mukomboni muno, osaopa. Mukatha timakonza. Fodya wosasankha sapita kumsika."

Esinati, mwana wa a Zuze, anandimvera kuposa onse. Bambo akewo ndi mkulu wa mpingo, anachokera ku Tete kalekale, munthu waulemu wake. Tsiku lina mtsikanayo anandibweretsera kope lodzaza (ana kuno amanditcha sekuru, ndiye kuti agogo).

"Sekuru, ili ndi loyamba chabe. Muwerenge mpaka kumapeto, mundiuze zochotsa. Muli zina za kunyumba."

"Usade nkhawa mwanangu, ndiliona bwinobwino."

Ndinawerenga masamba awiri, okoma zedi, ndinati ndimaliza mawa. Inali nthawi yosankha fodya, kushedi timaweruka titafooka, ndiye mawa linabala mawa linzake. Esinati anapita ku Glendale kukathandiza mkulu wake amene anali ndi khanda. Iye ali komweko, abusa anati akufuna sewero pa Sabata loyamika zokolola. Ine osaganiza kawiri, kukwera kombi, kukachita fotokope kope lija, n'kugawira ana.

Poyeserera ndinkangofika, kukuwa kuti "kwezani mawu!", n'kuthamangira kushedi. Mnyamata wina anandifunsa, "Sekuru, koma mwaliwerenga lonse?"

"Iwe, ukufunsa ine?" (Ndinamuyang'ana ndi diso loti asadzabwerezenso, ndipo sanabwerezedi.)

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, a Zuze ali kutsogolo ndi jekete lawo lakuda. Chigawo chachitatu chitafika, nkhalamba ya m'sewero inapemphedwa kuwerenga vesi. Inapapasa m'matumba, kutsokomola kawiri, n'kunena kuti, "Maiwe, magalasi ndaiwala kunyumba. Werenga ndiwe, mwana."

 Kenako phwete kumbuyo, tchalitchi chonse gwedegwede ndi kuseka, makosi onse kutembenukira kwa a Zuze. Abale inu, zaka zonsezi mkuluyu amaiwala magalasi Sabata lililonse. Tonse timadziwa kuti sadziwa kuwerenga, koma palibe anatsegulapo pakamwa. Dzina la nkhalambayo Esinati anali atalisintha, koma za magalasi ndi kutsokomola kuja anazisiya momwemo, podalira kuti ine ndichotsa.

A Zuze anadzuka, kutola chipewa, n'kutuluka pang'onopang'ono. Chondipweteka kwambiri n'chakuti kumapeto kwa seweroli nkhalamba ija imanena salimo lonse pamtima, ana ophunzira a m'seweromo kukamwa yasa. Mwanayo ankatamanda bambo ake. Iwo sanaone, ndipo ine mphunzitsi wamkulu ndinazionera limodzi ndi anthu koyamba.

Madzulo ake ndinapita kukapepesa. Ndinkayembekezera mkwiyo, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangondipatsa mpando.

"Aphunzitsi, ine ndimati ndabisa. Kani nonsenu mumangondisunga?"

 Kuyambira pamenepo anasiya kuima kutsogolo, amakhala benchi lakumbuyo.

Esinati atabwerako sanakalipe. Anangoti, "Sekuru, si munati timakonza?" Kugulu sanabwerenso. Ine tsopano kope lililonse ndimawerenga katatu, mpaka ana amadandaula kuti ndachulutsa pensulo, koma wolemba wanga weniweni ndinamutaya.

Mwezi wathawu ndinakumana naye pamjigo, ndinalimba mtima.

"Mwanangu, kulemba unasiya chifukwa cha ine?"

"Ayi sekuru, ndikulembabe. Ndili pa kope lachitatu."

"Tabweretsa ndikuonere."

Anasenza chigubu chake, n'kundiyankha mwaulemu wonse. "Wokonza ndinamupeza. Ndimawerengera ababa. Iwo amamvetsera mpaka kumapeto."