Ninazula Malata Panyumba Yanga Chifukwa cha Nthambo

Iyi nkhani nimaibisa, koma popeza komboni yathu yonse ya Kanyama inaona na maso, lekani niikambe neka bantu basanaonjezeleko vawo.

Ine sukulu ninalekela Grade 5. Masamu benze kutiphunzitsa na chikoti: seven times eight, ukachedwa, pwa! Mpaka lelo munthu wonyamula file sinimukonda.

Chaka chija vinthu vinavuta. Unga unakwela, piecework ya kumanga inasowa. Chimene ninali nacho ni nyumba yanga chabe, two rooms, yomanga na manja yanga.

Tsiku lina nabwelako ku town chimanjamanja, napeza vikhomo pamakona, nthambo yazungulila nyumba yonse. Pachipupa balemba na malasha: 6 m, 4 m.

Ninaitana neba wanga. "Ba Sakala, ni ndani wachita ivi?"

"Kunabwela mzimayi wa magalasi, na file. Kupima, kulemba, kupima, kulemba. Bana mbwee kumbuyo kwake."

"Wa boma?"

"Nanga wa file angakhale ndani?"

Basi! Masiku yaja kunali mphekesela yakuti nyumba zina bazagwetsa kuti papite drainage. Ndipo mu komboni aliyense adziwa: bakapima lelo, mailo ni bulldozer. Wochenjela amapulumutsa malata.

Ninakwela pamwamba na hamala, ba Sakala kulandila pansi. Nizula misomali uku nitukwana: "Bophunzila! Mapepa chabe! Olo njelwa imodzi banainyamulapo?" Bantu banasonkhana. Benangu banathamanga kukatulutsa mipando m'nyumba zawo.

Lata lothela litatsika, mkazi wanga anafika kuchoka ku market, beseni pamutu.

"Batate Tisa! Mwafuntha?"

"Tulutsa mapoto iwe! Batipima!"

"Bakupimani ni ba Madam Zulu, ba teacher ba Tisa! Nine ninabavomeleza!"

Kansi kusukulu kulibe mabuku, ndiye Madam amatulutsa bana kukapima vinthu veniveni kuti basagone mu class. Tisa, mwana wanga wa Grade 4, anadzitama kuti nyumba ya batate bake ndiye yowongoka kupambana zonse. Class yonse inabwela kupima kuzungulila. Ati perimeter.

Ba Sakala banasowa osalaila. Nikali pamwamba, kumwamba kunada bii. Mvula ya ku Kanyama siipempha chilolezo. Matilesi, vovala, ka unga kothela, vonse vinanyowa.

M'mawa Madam anabwela kutenga nthambo yake. Mau ninali nakonza kale, yakuthwa bwino. Koma iye anayang'ana malata yamene ninayala pabwalo, nkhope yake niyowala.

"Ba Phiri, musayabwezele msanga! Mizele itatu, uliwonse malata yanayi. Nibweletse bana baphunzilepo times?"

Nisanayankhe, mkazi wanga ati, "Babweletseni, Madam. Aba balibe mau lelo."

Banabwela. Kulumpha mzele na mzele, kuimba: "Three times four, twelve!" Ine khale pa njelwa, niwongola misomali.

Pa meeting ya makolo, ba head banaimilila. "Makolo, tengelani chitsanzo kwa ba Phiri. Aba banachotsa denga la nyumba yawo, nthawi ya mvula, kuti bana bathu badziwe masamu!"

Manja yanaombedwa. Ninaimilila, navula chisote, nati, "Maphunzilo ni ofunika."

Manje nikapeza vachilendo pakhomo, niyamba nafunsa homework ya mwana nisanafune hamala.