Zikomo Potisamalira Ntchentche Yathu ya ku Kurrajilla

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona Zokopa Alendo ndi Zinthu Zakale,

Bwana, ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire podetsa tebulo lanu ndi kalata yonunkha anyezi. Ndine Dulcie Treloar, wogulitsa mapayi a nyama m'mbali mwa msewu ku Kurrajilla, kuja munadutsako tsiku lina pa ndege.

Ndalemba kuti ndithokoze. Kwathu kuno kulibe phiri, kulibe mathithi, ndipo mtsinje wathu umanyowa pokhapokha wina akalavuliramo. Chomwe Mulungu anatipatsa mosaumira ndi ntchentche. N'chifukwa chake malemu Clarrie Boddington, mmisiri wowotcherera zitsulo, anatenga thanki yakale yamadzi, malata ndi nyali za thirakitala n'kutipangira Ntchentche yotalika kuposa tchalitchi. Apaulendo ankaima, kuseka, kujambulitsa, n'kugula mapayi anga. Tinkadya bwino, bwana, mpaka tsiku limene unduna wanu unatikonda n'kulengeza kuti Ntchentche yathu ndi chuma cha fuko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo loti munthu wamba asaikhudze. Kale tinkaipaka penti Khirisimasi ikamayandikira, mudzi wonse, burashi dzanja ili, mowa dzanja linali. Lero wokhala ndi chilolezo choikhudza ndi dzimbiri lokha, ndipo sindinaonepo wantchito wa boma wakhama chotere.

Chachiwiri, zikomo potitumizira katswiri wa ku likulu. Mkuluyu anaizungulira osatsika m'galimoto, magalasi ali chitsekere, n'kukalembetsa pa chikwangwani chamkuwa kuti "Njuchi Yaikulu". Tsopano alendo amandifunsa uchi. Mayi wina wa mumzinda wa Adelaide anandikalipira, amvekere, "Njuchi yanji yonyansa chonchi?" Ine ndinati, "Pepani mayi, ndi njuchi ya boma."

Chachitatu ndi msewu watsopano wolambalala mudzi wathu. Phokoso la makasitomala linkatisowetsa mtendere. Chikwangwani cholozera kuno munachiikanso mwanzeru, kutsogolo kwa pokhotera, kuti munthu azidziwa bwino chomwe waphonya.

Chachinayi, zimbudzi zokongola munatimangira zija zikadali zokhoma, kudikira inu kuti mudzazitsegulire ndi mwambo. Alendo ochepa amene asokera kuno amazijambula, kenako n'kuthamangira kuseri kwa mwendo wa Ntchentche. M'dera lonse lino udzu wobiriwira uli pomwepo basi.

Chachisanu ndicho chikufuna muyambe mwakhala pampando. Mwezi wathawu kunabwera chimphepo, phiko lakumanzere la Ntchentche n'kugwera galimoto ya a Merv Dunstan, ometa nkhosa, iwo ali m'sitolo mwanga kudya. Atathamanga kuti akalichotse, wapolisi wathu, yemwe ndi mlamu wawo, anawatsekereza.

"Alamu, mukangoligwira ndikumangani. N'chuma cha fuko ichi."

"Iwe Kelvin, nanga galimoto yanga?"

"Ili pansi pa chuma, ndiye nayonso yalowa m'mbiri. Muzinyadira."

Mpaka lero a Merv amapita kokameta pa kanjinga ka mdzukulu wawo, mawondo akugunda chibwano, agalu awo akuwatsatira mwamanyazi.

Tsopano tamva kuti mwaganiza zodula Ntchentche zidutswazidutswa n'kupita nayo kosungira zakale mumzinda, kuti isativulaze. Chisamaliro chotere chatigwetsa misozi. Ikachoka ine ndizimitsa uvuni, a Farida ogulitsa mafuta a galimoto atseka pampu, ndipo palibenso amene adzavulale ku Kurrajilla poti sikudzakhala munthu. Mayi Beryl, mkazi wa malemu Clarrie, andituma ndifunseko kanthu kakang'ono. Phulusa la mtembo wa amuna awo tinalitsekera m'diso lakumanja la Ntchentche monga anafunira eni ake. Kodi nawonso asamuka? Akuti bamboyo anakhala moyo wake wonse akulumbira kuti mumzinda sadzapondamo, ndipo mayiwo sakufuna kuti ayambe zimenezi atamwalira.

Pempho lathu ndi lochepa, bwana: mutilole tikwerenso makwerero athu ndi burashi. Penti tili nayo, wowotcherera tili naye. Koma ngati zimenezi zikulemera, musavutike kutiyankha pa pepala. Bwerani nokha mu Januwale, dzuwa lili paliwombo, mudzaime pabwalo n'kutifotokozera ndi mawu anu ataliatali aja, mukumwetulira mano onse pamtunda ngati pa zithunzi zanu za kampeni. Chipewa cha ukonde wotchinga ntchentche musatenge, chingabise nkhope yomwe tinaivotera. Ndikulonjeza kuti khamu lidzakuunjirirani musanamalize n'komwe moni, kukupsompsonani m'maso, m'makutu, mpaka m'kamwa, ndipo chikondi chotere simunachionepo chilowereni ndale.

Ine wantchito wanu wosayenera, dzanja lina likulemba, lina likukupiza kumaso,

Dulcie Treloar
Pansi pa phiko lotsala, Kurrajilla